Ulendo wa ku Dar es Salaam ndi Dzina Limene Agogo Anatituma



Kalata yotiitana kumaphunziro a aphunzitsi a madrasa ku Dar es Salaam itafika kuno ku Kawale, maganizo athu anali pa zinthu ziwiri basi: pasipoti, ndi munthu woti atsale ndi ana athu a kalasi ya masana. Maphunzirowo anali a masiku khumi, okhudza kaphunzitsidwe ka Qur'an ndi Chiarabu kwa ana aang'ono. Otiitanawo analonjeza pogona ndi chakudya, koma ya basi anati tidzionere tokha, ndipo komiti ya mzikiti wathu inasonkha, Allah ailipire zabwino. Zoti paulendo womwewu tikayendanso m'manda a asilikali sitinaziganizeko n'komwe, mpaka tsiku limene tinapita ku Biwi kukatsanzika agogo athu aakazi.

Agogowa kwawo ndi ku Malindi, koma masiku ano amakhala ndi azakhali athu chifukwa miyendo inayamba kukana. Titawauza kumene tikupita anakhala duu kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Kumeneko si kwa Jeremani kuja?" Ife tinaseka, tinati Jeremani anachokako kalekale. Iwo sanaseke. Anatifotokozera za amalume awo, mlongo wa mayi awo, amene anatengedwa pamudzi nthawi ya nkhondo ya Chiwaya ali mnyamata wongokwatira kumene. Anabwera mesenjala wa boma, mfumu inaloza nyumba, ndipo anyamata anawatsogoza ku Fort Johnston, kumene lero tikuti Mangochi, kuti akakhale amtengatenga. Anzawo ena anabwerera ataonda ngati nkhuni, koma iwo ayi. Panalibe mtembo, panalibe sanda, panalibe jeneza, ndipo ngakhale sadaka sinachitike chifukwa abale ankati mwina mawa atulukira. "Mayi anga anamwalira akuyang'anabe kunjira," anatero agogo. "Tsono inu amuna anga, poti mumadziwa kuwerenga Chizungu ndi Chiarabu chomwe, mukaone ngati analembedwa penapake." Anatchula dzina lawo ndi la bambo awo, ife n'kulemba patsamba lomaliza la kope lathu la maphunziro.

Mwina achinyamata ena simukudziwa kuti amtengatenga anali ndani. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, kumtunda konse kwa dziko limene lero ndi Tanzania kunali m'manja mwa Ajeremani, pamene Nyasaland inali ya Angerezi. Misewu ya magalimoto inali yowerengeka, ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Choncho ufa, mpunga, mahema, zipolopolo, ngakhale mizinga yophwasula, zonsezi zinkayenda pamitu pa anthu. Akatswiri a mbiri, monga Melvin Page amene anacheza ndi nkhalamba zambiri za kuno kwathu asanalembe buku lake la nkhondoyi, amawerengera kuti amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino analowa usilikali wa King's African Rifles, umene makolo ankauti Keyala, pamene amtengatenga anali pafupifupi 200,000. Kumbukirani kuti nthawiyo dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi yokha. Ndiye kuti n'kovuta kupeza banja la m'mbali mwa nyanja limene silinapereke munthu. M'busa John Chilembwe analemba kalata kunyuzipepala mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo ya eni ake, koma boma silinafune kuti kalatayo iwerengedwe.

Basi yathu inanyamuka mu Lilongwe dzuwa litapendeka. Inali yodzaza ndi amalonda, ambiri amayi a ku Area 25, Chinsapo ndi Mgona, amene njira ya ku Dar amaidziwa ngati ya kuchigayo. Nkhani zawo zonse zinali za Kariakoo: mtengo wa zitenje ku Kariakoo, nsapato za ku Kariakoo, akuba a ku Kariakoo. Titaima pa Kasungu tinaswali Maghrib ndi Isha pamodzi, mwachidule monga mmene wapaulendo amaloledwera, ndipo Chikangawa ndi Mzuzu tinadutsa tili mtulo. Tinadzidzimuka basi ikutsika mapiri a Chiweta, mabuleki akununkha, amayi ena akupemphera mokweza, wina aliyense m'chipembedzo chake.

Kunja kumacha tili ku Karonga. Apa m'pamene nkhondo ija inaponda nthaka yathu, pa 9 Sepitembala 1914, pamene gulu la Ajeremani linawoloka Songwe n'kuthira nkhondo pabomapo koma linabwezedwa. Panyanja inali itayamba kale mwezi wa Ogasiti, pamene sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inapita ku Liuli, tsidya la nyanja, n'kukaononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pamtunda. Inu a ku Mangochi mfuti ya Guendolen mumaidziwa, ndi ija ili pafupi ndi nsanja ya wotchi, kufupi ndi mlatho. Dzina la Wissmann mulisunge, tikumana nalonso kutsogoloku.

Pa Songwe tinadinditsa mapasipoti, tinasintha makwacha kukhala mashilingi, n'kukankhira wotchi kutsogolo ndi ola limodzi. Kuchoka pamenepo msewu umangokwera, kudutsa minda ya nthochi ndi tiyi, mpaka pa Tukuyu, tauni imene Ajeremani ankaitcha Neu Langenburg. Asilikali a General Northey ochokera ku Nyasaland analowera chakuno mu Meyi 1916, amtengatenga ali pambuyo pawo. Ife tinali pampando wofewa, titavala juzi, komabe mphepo ya ku Tukuyu ndi ku Makambako inatilowa m'mafupa. Tsono taganizani mwana wa ku Malindi, wozolowera kutentha kwa kunyanja, wopanda nsapato, atasenza bokosi la makilogalamu oposa 20, akukwera zitunda zimenezo mvula ili pamsana. Ambiri sanafe ndi chipolopolo. Anatha ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala. Koma kunena zoona, popita paja maganizo amenewa anangotidutsa, mtima wathu unali pa kufika. Iringa, zitunda za Kitonga ndi nkhalango ya Mikumi tinazidutsa kutada, ndipo mbidzi ziwiri zokha n'zimene tinaziona ndi nyali za basi.

Tinalowa mu Dar es Salaam m'bandakucha, adhana ikumveka mbali zonse, wina akamaliza wina akuyamba. Kwa munthu wochokera ku Kawale, kumene umachita kutchera khutu kuti umve mzikiti wako, zimenezi zimakhudza mtima. Tsiku loyamba lomwelo tinachita manyazi. Anatiuza kuti maphunziro ayamba saa mbili, ife n'kumati ndiye kuti 2 koloko masana, tiyambe tapumula. Kani anzathuwa amawerenga maola kuyambira potuluka dzuwa, kotero kuti saa mbili ndi 8 koloko m'mawa. Anachita kudzatigogodera. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Za maphunziro enieniwo tidzalemba padera, Insha Allah, chifukwa n'zambiri. Pano tingonena kuti tinali aphunzitsi ochokera ku Tanzania, Kenya, Uganda, Mozambique ndi Malawi, ndipo mtsutso waukulu unali wa chikwapu. Mayi wina wophunzitsa ana aang'ono anationetsa mmene amaphunzitsira zilembo 28 za Chiarabu ndi timakadi ndiponso mchenga wa m'mbale, osagwira ndodo, ndipo ambiri a ife tinaweramitsa mitu.

Lachisanu titatuluka ku Jumu'ah anatipatsa mpata mpaka Lolemba. Anzathu ena anathamangira kumsika wa nsomba ku Kivukoni, ena kukakwera pantoni ya ku Kigamboni. Ife tinaonetsa kope lathu kwa mwalimu wina wa mumzindamo, bambo wachikulire amene tinkakhala naye benchi imodzi. Atamva nkhani ya agogo anati, "Sheikh, tiyeni tiyambire pa Askari."

Chikumbutso cha Askari chili pakati penipeni pa mzinda, pamphambano yozungulira ya msewu wa Samora. Ndi chifaniziro cha mkuwa cha msilikali wachikuda atagwira mfuti ya benete, kuloza kudoko, ndipo chinaimikidwa mu 1927. Tikudziwa kuti ena mwa awerengi akweza kale zikope: mwalimu wa madrasa akukatani pa chifaniziro? Funsolo tinadzifunsa tokha tili m'njira. Sitinapite kukachilemekeza kapena kukaikapo maluwa. Tinapita kukawerenga, pakuti ndi zimene anatituma. Ndipo zowerenga zinalipo. M'munsi mwake muli zithunzi za mkuwa za asilikali ndi amtengatenga atasenza katundu, komanso mawu olembedwa m'Chingerezi ndi m'Chiswahili. Chimene chinatidabwitsa n'chakuti Chiswahilicho chinalembedwanso m'zilembo za Chiarabu, monga mmene ankalembera mashehe athu akale amene anakaphunzira kugombe, a mtundu wa Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda amene anaphunzira ku Kilwa. Atsamunda ankadziwa bwino kuti ambiri mwa amene ankawasenzetsa mfuti ndi katundu anali Asilamu, odziwa alifu ndi bee kuposa zilembo za Chizungu.

Tinawerenga pang'onopang'ono, magalimoto akutizungulira. Mawuwo, amene anawakonza ndi mlembi wa ku England Rudyard Kipling, amakumbukira asilikali achikuda ndi amtengatenga, ndipo amatha ndi lonjezo lakuti munthu womenyera dziko lake, ngakhale afe, ana ake sadzaiwala dzina lake. Tinazungulira mbali zonse zinayi kufuna mayinawo. Palibe ngakhale limodzi. Mnzathu uja anatiuza kuti ku Mombasa ndi ku Nairobi kulinso zikumbutso za mtundu womwewu, nazonso zopanda mayina a anthu akuda amene anafa. Anationjezeranso kuti pamalo pomwepo, Angerezi asanalande mzindawu mu Sepitembala 1916, panali chifaniziro cha Hermann von Wissmann, mwini dzina la sitima ija ya ku Liuli, yemwenso anathetsa mwankhanza kuukira kwa anthu a kugombe kumene ankatsogolera Abushiri, amene anapachikidwa ku Pangani mu 1889. Mtsamunda wina anachotsa cha mnzake n'kuikapo chake.

Kuchoka apo tinayenda wapansi kupita ku Kariakoo kukagula kanga ya agogo. Chipwirikiti chake msika wa Lilongwe uchepa kutali. Tili pakati pa ngolo ndi mabelo, mnzathuyo anatifunsa ngati tikudziwa tanthauzo la dzinalo. Tinati mwina ndi Chizaramo. Anaseka. Kariakoo ndi katchulidwe ka Chiswahili ka mawu akuti Carrier Corps, dzina la gulu la amtengatenga a Angerezi, pakuti msasa wawo unali pamenepa, ndipo ku Nairobi kulinso dera lotchedwa Kariokor pa chifukwa chomwecho. Tinaima pomwepo kuyang'ana anyamata osenza mabelo pamutu, thukuta lili kamukamu, akufuula kuti tiwapatse njira. Tinakumbukira amayi a m'basi aja, amene dzinali amalitchula kambirimbiri pa tsiku, osadziwa kuti mwina akutchula ntchito imene inapha agogo awo.

Loweruka m'mawa tinakwera daladala kupita kumanda a nkhondo a Dar es Salaam, amene ali m'mbali mwa msewu wopita ku Bagamoyo. Mandawa anatsegulidwa mu 1968, pamene manda akale a ku Ocean Road anasamutsidwa kuti papite msewu, ndipo amasamalidwa ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission. Kuyendera manda n'kololedwa m'chipembedzo chathu, pakuti Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anatiphunzitsa kuti kumakumbutsa za tsiku lomaliza. Malowo ndi aukhondo kuposa bwalo la chipatala: kapinga wometa bwino, maluwa othirira, miyala m'mizere yoongoka. Pamiyala yambiri pali dzina, nambala, gulu la usilikali, tsiku lomwalira, ndipo pena ndi zaka zomwe. Ambiri ndi anyamata a ku Britain ndi South Africa, ena a zaka 19 kapena 20, ndipo munthu sungawerenge popanda kumva chisoni, pakuti nawonso anali ndi amayi awo oyang'ana kunjira. Pakhoma lina pali mayina a asilikali a ku Britain ndi India amene manda awo sadziwika, ndipo pakati pawo tinawerengapo mayina ambiri a Chisilamu. Tinayenda mzere ndi mzere, kope lili m'manja, mpaka nthawi ya Dhuhr inakwana. Dzina la amalume a agogo sitinalipeze.

Kusapezeka kumeneku si ngozi. Mu Epulo 2021 bungwe losamala mandali linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene anafa pa nkhondo yoyamba ali kumbali ya Britain, ambiri a iwo a mu Africa muno ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo ena sanakumbukiridwe n'komwe. Lipotilo linanena poyera kuti gwero lake linali tsankho la atsamunda, amene ena a iwo ankati munthu wakuda sadziwa phindu la mwala wa pamanda. Nduna ya zachitetezo ya Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesako n'kwabwino, koma kunabwera patapita zaka zoposa 100, anthu amene akanaloza pamene anakwirira anzawo atatha onse. Asilikali a Keyala ndiye ena mayina awo ali pa nsanja ya chikumbutso ku Zomba. Wamtengatenga analibe mfuti, ndipo zikuoneka kuti kwa olemba mabuku a boma analibenso dzina.

Lamulungu tinati tipumitse mtima, tinapita ku Bagamoyo, ulendo wa maola awiri kumpoto kwa Dar. Ndi tauni yakale ya nyumba za miyala ya m'nyanja ndi zitseko zosema, kumene kunkathera maulendo a minyanga ndi akapolo ochokera kumtunda. Dzina lake amalimasulira kuti tula mtima. Pano tisadzinamize, abale: malonda a akapolo anakhudzanso mafumu ena a kwathu, ngakhale kuti njira yawo yaikulu inkathera ku Kilwa, ndipo nkhani imeneyi ana athu ayenera kuimva kwa ife, osati kwa otinyoza. Pafupi ndi tauniyi pali mabwinja a Kaole, pamene pali mzikiti umene akatswiri amati ndi wa zaka za m'ma 1200. Denga linagwa kalekale, koma mihrabu ikuonekabe ndipo chitsime cha wudhu chilipo. Tinaima moyang'ana kibla pamalo pamene Asilamu anzathu ankaima zaka 700 zapitazo. Pozungulira pali manda awo, ena a zipilala zitalizitali, ambiri opanda dzina lowerengeka. Tinawapatsa salamu ndi kuwapemphera chikhululuko.

Ku Bagamoyo komweko, ku mishoni ya Akatolika, anationetsa nsanja ya tchalitchi chimene munagonekedwa mtembo wa David Livingstone mu Febuluwale 1874, atausenza miyezi isanu ndi inayi kuchokera kwa Chitambo ku Zambia. Otsogolera ulendowo anali Susi ndi Chuma, ndipo Chuma anali Myao. Amenewo dziko likuwadziwa chifukwa katundu amene anasenza anali Mzungu wotchuka.

Pobwerera basi inadutsa Kitonga ndi Iringa masana, ndipo m'pamene tinazindikira chinthu chimene chinali pamaso pathu ulendo wonse. Amtengatenga a ku Nyasaland ambiri sanafike ku Dar es Salaam. Ntchito yawo inali pakati pa nyanja yathu ndi kumene kunali nkhondo: kuchokera ku Karonga kukwera ku Tukuyu ndi Iringa, kuchokera m'madoko a tsidya la nyanja kupita ku Songea, ndipo mu 1918 kuchokera ku Fort Johnston kulowa ku Mozambique, kumene General von Lettow-Vorbeck anathawira asanakagonje ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 Novembala 1918. Wofooka ankatsala m'mbali mwa njira. Ngati panali mnzake Msilamu wokhala ndi mphamvu, mwina anamukumbira kadzenje n'kumuyang'anitsa kibla, ndipo ngati panalibe, Allah ndiye adziwa. Kuyambira pa Makambako mpaka pa Songwe sitinagonenso. Tinkangoyang'ana zitunda ndi zigwa pawindo, tikuchita duwa chamumtima.

Titafika ku Lilongwe tinangosiya chikwama ku Kawale n'kupita ku Biwi. Agogo anamva zonse osatidula mawu. Titamaliza anafunsa funso limene tinkaliopa: "Nanga jeneza simungawaswalire, inu ndi anzanu kumzikitiko?" Tinawafotokozera kuti swala ya jeneza ya munthu amene mtembo wake uli kutali ilipodi, ndipo Mtumiki anamuswalira Najashi, mfumu ya ku Habasha, ali ku Madina. Koma malinga ndi madhihabu a Imam Shafi'i amene ife a m'mbali mwa nyanja timatsata, woswaliyo ayenera kukhala munthu amene swalayo inali yomuyenera pa nthawi ya imfayo, ndipo aliyense amene anali wamkulu mu 1917 anapita kale. Nkhope yawo inagwa. Tinafulumira kuwauza kuti duwa ndi sadaka zilibe malire a zaka, zimamufika womwalira ngakhale manda ake asadziwike. Anati, "Basi, gulani mbuzi."

Sadakayo inachitika Lamulungu lotsatira pabwalo la azakhali. Abale anabwera kuchokera ku Area 23 ndi Chinsapo, awiri anachita kuchokera ku Malindi. Anaphika mpunga, anaitana ana amasiye a pamadrasa pathu ndi anansi onse, Asilamu ndi Akhristu omwe, ndipo imamu wathu pochita duwa anatchula dzina la amalume aja ndi la bambo awo mokweza, katatu. Agogo anali atafunda kanga ya ku Kariakoo.

Sabata yotsatira tinatenga ana a kalasi yaikulu pa minibasi kukaona nsanja ya chikumbutso cha nkhondo ku Area 18, pafupi ndi Capital Hill, imene ambiri a iwo ankangoionera patali osadziwa kuti n'chiyani. Tinawapatsa ntchito ya kunyumba yosiyana ndi ya masiku onse: aliyense akafunse agogo ake ngati pabanja pawo panali munthu amene anapita ku nkhondo ya Chiwaya, kapena yachiwiri ija ya 1939 mpaka 1945 imene Keyala inakafika ku Ethiopia ndi Burma, ndipo alembe dzina, mudzi ndi mfumu. Ana asanu ndi awiri anabwera ndi mayina. Mtsikana wina wa ku Kawale 2 anabwera ndi atatu, onse a mudzi umodzi ku Nkhotakota, ndipo anati agogo ake analira pomuuza, kenaka anamutuma kuti adzafunse ngati kopelo lili ndi malo, chifukwa akukumbukiranso ena awiri koma ayambe afunsa achemwali awo ku Salima.